Chishedi Chomwe Anachiba Masanasana

Nzeru zina zimafika pokhapokha botolo likatsika pakati, ndipo nzeru zonse za Injiniya zinali za mtundu umenewo. Tsikulo dzuwa linali lisanalowe n'komwe pamene anakankhira mabotolo pambali, n'kuviika chala m'mowa womwe unatayikira patebulo, n'kujambula chinthu chamakona anayi.

"Amwene, yang'anani bwino. Ichi ndi chuma."

Dzungu anawerama mpaka mphuno kugunda tebulo. "Ndi buledi?"

"Ndi chishedi, mbuli iwe."

Anali atatu pakona yawo ya masiku onse m'balamo, pansi pa fani yomwe inasiya kuzungulira kalekale. Injiniya sanapondeko pasukulu ya zomangamanga ayi. Dzinalo analitola chaka china atapeza ganyu yogwirira ambulera injiniya weniweni pomwe ankamanga mlatho, ndipo ganyuyo itatha anachoka ndi chipewa cholimba chachikasu komanso mawu angapo akuluakulu, zonsezo osabweza. Dzungu safunika kumufotokoza, thupi lake linkadzifotokoza lokha. Wachitatu anali Rivesi, dalaivala, yemwe nthawi ina anabwerera chambuyo ndi minibasi mpaka kulowa nayo mu shopu yogulitsa magalasi, dzina n'kumumata pomwepo. Iyeyu ankamwa chozizira chopanda ukali, maso ali kukhomo, chifukwa mkazi wake akanamupeza patebulo limenelo zikanakhala zina.

"Kunja kwa tauni kuli famu ya mdala wina," Injiniya anapitiriza, mawu atawatsitsa. "Ng'ombe anagulitsa kale, ana ali kutali, iye ntchito yake ndi kuwodzera pakhonde. Kutsidya kwa munda wake kuli chishedi cha matabwa chomwe kale ankasungiramo udzu wa ng'ombe ndi thirakitala. Chachikulu ngati tchalitchi. Tikachiba."

"Tikaba zomwe zili m'katimo?" anafunsa Rivesi.

"M'kati mulibe kanthu. Tikaba chishedicho."

Dzungu anasiya kutafuna. Rivesi anayang'ana botolo la Injiniya kuti aone pomwe lafika.

"Musandiyang'ane choncho. Dzana ndinalowa mu lesitilanti ina ya anthu olemera, kukapempha kuti ndidzithandize. Mukudziwa tebulo lomwe amadyerapo? Thabwa lakuda, long'aluka, mabowo a misomali ali mbwee. Ndinafunsa wewita kuti bwanji osagula latsopano, anandiseka. Akuti lakalelo ndiye lodula. Anthu a ndalama atopa ndi zosalala, aise. Akufuna thabwa loti linavutikapo."

"Ndiye ine ndikanakhala thabwa bwenzi ndili wodula," anatero Dzungu. "Tipita usiku wa liti?"

"Usiku amaba ndi anthu osaphunzira. Ukanyamula thabwa usiku ndiwe mbava. Ukalinyamula masanasana utavala chipewa ndi jekete lowala, ndiwe kontirakitala, anthu amakupatsa moni. Pulani yonse ili m'mutu muno. Chatsala ndi lole basi. Mutu umodzi susenza denga, amwene."

Onse awiri anatembenukira kwa Rivesi.

Apa mpofunika mudziwe za mkazi wa Rivesi. Anali telala, ankasoka pakhonde la shopu ina pamsika, munthu wa mawu ochepa koma olasa. Ndiye anakagwada kwa achimwene ake, eni lole yonyamula katundu, kuti amulembe ntchito mwamuna wake itachitika nkhani ya magalasi ija. Tsiku lomwe Rivesi analandira makiyi, mkaziyo anamuuza ali pa makina, osadzutsa n'komwe mutu: "Bambo a mwana, ndakupempherani komaliza. Ndikadzangomva kuti loleyo yakalika, kapena mwaonekanso ndi uja wa chipewa, ine ndi mwana tinyamuka. Sindidzakuwa, sindidzalira. Mudzangopeza makina palibe." Rivesi ankamukonda mkazi wake ndi mtima wonse, ndipo mawu amenewo ankamuopsa kuposa polisi.

"Ine ayi, amwene," anatero. "Banja langa lili pa ulusi. Fufuzani wina."

Koma Injiniya ankadziwa pomwe pali chilonda. Anamwako pang'ono, n'kufunsa ngati munthu wongocheza, "Bedi lija munakonza?"

Rivesi anaweramitsa mutu. Bedi la kwawo linathyoka miyendo chaka choyamba cha ukwati, ndipo kuyambira pamenepo linkakhala pa njerwa. Munthu ukatembenuka mwamphamvu, njerwa inkasuntha, nonse n'kutsetserekera kumiyendo. Chaka chilichonse Rivesi ankalonjeza bedi latsopano. Mkazi wake anakumbutsa, anakumbutsanso, kenako anasiya, ndipo kusiyako n'komwe kunkamupweteka kwambiri.

"Matabwa oyamba ndi ako," anatero Injiniya. "Usankha wekha. Olimba, oti adzukulu ako adzagonapo. Ukuganiza kuti akadzagona pamenepo adzafunsa komwe unawatenga? Mkazi safunsa, amangomwetulira."

Injiniya anali asanakwatirepo, ndiye za akazi ankazidziwa bwino kwambiri.

Rivesi anazunguza botolo lake patebulo kwa kanthawi. "Tibwerako dzuwa lisanalowe?"

"Tibwerako loleyo isanadziwe n'komwe kuti yayenda."

M'mawa mwake Rivesi anafika kwa alamu ake ndi ndowa ndi kansanza m'manja.

"Alamu, lero katundu kulibe. Loleyi yada, ndikaitsuke bwinobwino, ndipopetsenso matayala."

Alamuwo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Loleyo ankaikonda kuposa abale awo ena. Anaipentetsa utoto wobiriwira, n'kulembetsa pa zitseko zonse ziwiri ndi zilembo zazikulu kuti TIMANYAMULA CHILICHONSE, pansi pake nambala yawo ya foni.

"Ibwere ikuwala, alamu," anatero popereka makiyi. "Ndipo kumbuyo muziyang'ana."

Pakona ya msewu wachiwiri anzake anali kudikira ndi thumba la zida: mahamala, chitsulo chozulira misomali, chingwe chokhuthala ndi majekete owala atatu. La Dzungu silinatseke, linangomukhala kumsana ngati kampango. Chipewa cholimba chinali chimodzi, ndipo mwini wake mukumudziwa. Dzungu anavala chipewa cha njinga yamoto chopanda galasi. Rivesi anapatsidwa kabeseni kachikasu kapulasitiki.

"Patali sikadziwika," anatero Injiniya.

Atatuluka m'tauni, Injiniya anaimitsa lole pa chithaphwi, n'kumata matope pa nambalapuleti yakutsogolo ndi yakumbuyo mpaka osaoneka chilichonse. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja ali m'chiuno, kuyamikira ntchito yake.

"Tsopano loleyi ilibe mwini."

Analowera kanjira kakumbuyo kwa famu. Injiniya analamula kuti lole ilowe m'chishedi momwemo kuti isaoneke, ndipo Rivesi anailowetsa chambuyo mwaluso loti akanakhalapo alamu ake akanamuombera m'manja. Anakoka zitseko zikuluzikulu n'kutseka.

"Tabisala," ananong'ona Dzungu.

M'katimo munali fungo la udzu wakale ndi fumbi. Dzuwa linkalowa m'mipata ya matabwa, mizere yowala ili ndandanda pansi. Pakona panali tayala la thirakitala lomwe nkhuku zinalisandutsa chisa. Rivesi anagogoda thabwa limodzi la pakhoma ndi chala, linalira mokoma, lopanda chiswe ngakhale pang'ono. Mtima wake unasangalala ngakhale mantha analipo. Matabwa oyamba atazulidwa, anasankha owongoka, anawapukuta fumbi ndi malaya ake, n'kukawatsamiritsa pa mtengo panja kuti asakalike ndi enawo.

Ntchito inagundika. Dzungu ankazula, Rivesi ankasenza n'kusanja mu lole, Injiniya ankaloza. Kuloza nayonso ndi ntchito, iye ankatero, kungoti siitulutsa thukuta. Anayamba ndi khoma lakumbuyo, kenako la kumbali, kenako la kumbali inayo. Thabwa lililonse likachoka, kuwala kunkachuluka, kamphepo n'kumalowa, ndipo Dzungu anayamikira kuti chishedichi n'chabwino, chikuzizira. Dzuwa litafika pamutu, Rivesi anaima ndi thabwa paphewa n'kuyang'ana uku ndi uku. Munda ankauona wonse. Nyumba ya mdala ankaiona, ndi khonde lake lomwe.

"Injiniya, tsopano tikubisala m'chiyani?"

Injiniya asanayankhe, wina anakhosomola. Pomwe panali khoma panaima mdala wamfupi, wa ndevu zoyera, ndodo ili m'manja, nkhuku yamawanga ikutolatola pamapazi ake.

Dzungu anathawira kuseri kwa mzati, ndipo mzatiwo unabisa mphuno yokha. Koma Injiniya anakonza chipewa n'kupita kutsogolo, chifuwa chili patsogolo.

"Mwaswera bwanji, madala? Tachokera ku ofesi yoona za nyumba zokalamba. Chishedi chanuchi tachiyeza ndipo chapezeka ndi mlandu. Chikhoza kugwera munthu."

"Ofesi imeneyo iliko?"

"Yatsegulidwa kumene."

"Ooh." Mdalayo anayang'ana chipewa chachikasu, anayang'ana Dzungu, anayang'ana kabeseni ka Rivesi nthawi yaitali ndithu. "Ndiye mundilipiritsa?"

"Ndi ulere, madala. Ofesi ikukuganizirani."

Nkhope ya mdalayo inawala ngati ya mwana wopatsidwa switi. Anazungulira lole pang'onopang'ono, anaima pa chitseko milomo ikugwedera ngati wowerenga, kenako anabwerera kunyumba kwake.

"Wapita kukaitana apolisi," anatero Rivesi. "Tiyeni tithawe."

"Dekha, aise."

Mdala anabweradi, koma osati ndi apolisi. Anabwera ndi mpando, ketulo ya tiyi ndi makapu. Anawathirira onse, anaika mpando pamthunzi n'kukhala, ndodo pakati pa miyendo.

"Pitirizani, ana anga. Musandione ine."

Injiniya anakodola Rivesi ndi chigongono. "Waona? Tikumubera, iye akutipatsa tiyi. Sukulu ndi yabwino, amwene."

Dzungu anamwa makapu awiri n'kufunsa ngati shuga watsalako. Rivesi pobweza kapu, mdala anamulozera matabwa a pamtengo aja.

"Nanga awa wawapatuliranji, mwana wanga?"

"Ndi a bedi, bambo."

"La ofesi?"

Rivesi anayang'ana pansi. "La mayi a kunyumba."

"Wasankha bwino," anatero mdalayo, ndipo Rivesi anachita manyazi oti akanakonda atamutukwana.

Dzuwa litapendeka, makoma onse anali mu lole, mulu wa matabwa utakwera kuposa kabini. Panatsala mizati, matabwa okhuthala opingasa omwe ankagwira mizatiyo kuti isapendeke, ndi denga la malata pamwamba. Lole yobisika ija tsopano inkaoneka bwino kuchokera kumsewu, yobiriwira pansi pa mthunzi ngati yoikidwa pachionetsero.

"Zakwana," anatero Rivesi. "Tiyeni tizipita, ndikatsuke lole."

Koma maso a Injiniya anali atakwera m'mwamba. Matabwa opingasa aja anali akuda bii, okhuthala ngati ntchafu ya Dzungu.

"Tisiye amenewo? Amwene, awa tanyamulawa ndi a matebulo a anthu wamba. Awo ndiye a mabwana."

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dzungu anakwera pa mulu wa matabwa ndi hamala n'kuyamba kugumula opingasawo limodzilimodzi. Loyamba litagwa, chishedi chinalira chapansipansi. Lachiwiri litagwa, fumbi linasefukira kuchokera kudenga.

"Kodi sitikanayamba ndi denga?" anafunsa Rivesi.

"Malata a dzimbiri akuwafuna ndani? Komanso denga limadzigwira lokha ndi kulemera kwake. Ndi sayansi imeneyo, sungaimve."

Mdala uja anadzuka mwakachetechete, ananyamula mpando wake n'kuusunthira patali. Opingasa ena atagwa, anausunthanso, ulendo uno anatenga ndi ketulo yomwe.

Pomaliza Injiniya anaima pa mzati wapakati, waukulu kuposa yonse, n'kuusisita ngati ng'ombe yogulitsa.

"Uwu ndiye mfumu yake. Uwu wokha tigula nawo bala lija."

Hamala inakanika, chitsulo chinapindika. Ndiye Injiniya anamanga chingwe kutsinde kwa mzati, mbali ina n'kumanga kumbuyo kwa lole. Anatsegula zitseko zikuluzikulu zija, zomwe zinali zitangotsala zokha popanda khoma. Dzungu anakwera m'kabini ati kuti lole ilemere, ikoke bwino. Injiniya anaima pa sitepe, dzanja limodzi litagwira galasi.

"Pang'onopang'ono, aise. Ungougwedeza, wokha ubwera."

Rivesi anapemphera chamumtima, analowetsa giya yoyamba, lole n'kusuntha. Chingwe chinakungika. Mzati unakana, unakananso, kenako unavomera zonse nthawi imodzi. Kumwamba kunamveka kulira koti ngakhale munthu wosadziwa sayansi akanamva tanthauzo lake. Mizati yotsala inayamba kupendekera mbali imodzi ngati anthu otuluka m'bala.

Injiniya anadziponya m'kabini pamwamba pa Dzungu n'kumenyetsa chitseko.

"Ponda moto! Ponda moto!"

Kunena zoona, khomo linali pafupi, lotseguka, njira ili yeretu. Dalaivala wina aliyense akanangoponda, lole n'kutuluka, denga n'kugwera kumbuyo. Koma dzina silimata pachabe. Mantha atamugwira, dzanja la Rivesi linathamangira lokha komwe linazolowera. Giya inalira, lole inabwerera chambuyo mwaliwiro, n'kukaima pakatikati penipeni pa chishedi, pa nthawi yake yeniyeni.

Denga linatsika lonse lathunthu, osathyoka, n'kukhala pa lole ngati chipewa.

Kunada. Fumbi, udzu wakale ndi zitosi za mbalame zinagwa ngati mvula. Mwamwayi mulu wa matabwa uja ndiwo unalandira kulemera konse, kabini inangophwanyika pamwamba pang'ono. Onse anadzipapasa, anapeza miyendo ndi mikono zili zokwanira. Rivesi anakankha chitseko chake, chinagunda mtanda. Cha Injiniya chimodzimodzi.

"Palibe chavuta," anatero Injiniya, akulavula fumbi. "Injini ikulira. Tipita nalo lomweli. Malata nawonso ndi katundu."

"Sindikuona kutsogolo!"

"Njira ndikuikumbukira. Wongola basi."

Mdala uja pa moyo wake anaona zambiri, koma anali asanaonepo denga lake likuyenda. Linadutsa m'munda pang'onopang'ono ngati kamba, likukwekwesa pansi, nkhuku zikuthawa kutsogolo kwake. Linaphonya chitsime pang'onong'ono, linagwetsa chingwe choyanikapo zovala n'kupita nacho, mpaka linafika pa geti lalikulu lakumsewu. Pamenepo panali zipilala ziwiri za simenti, zotalikirana mokwanira lole koma osati lole yovala denga. Kunamveka gu! Injini inakhosomola n'kuzima, ndipo ngakhale Rivesi anaipempha motani, siinadzukenso.

M'kabinimo munayamba kutentha, poti malata anali ataotha dzuwa tsiku lonse. Atatuwo anali atapanikizana, thukuta la Dzungu likugwera onse. Kenako m'jekete la Dzungu munamveka kulira kwa nkhuku.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Rivesi.

"Inalowa yokha."

"Nkhuku ya mdala? Munthu watipatsa tiyi?"

"Ndimati ndiipulumutse ku denga."

Nkhukuyo inatuluka, inakupiza mapiko kumaso kwa Injiniya, n'kukakhazikika pa dashibodi.

"Ndiliza hutala," anatero Rivesi.

"Wapenga? Mbava siliza hutala. Tiganize kaye."

Anaganiza. Kutentha kunawonjezeka. Dzungu ananena kuti tiyi uja akufuna njira. Rivesi analiza hutala.

Patapita kanthawi anamva ndodo ikugogoda pa malata.

"Odi kuno! Eni nyumba alimo?"

"Tilimo, madala," anayankha Injiniya. "Ndi gawo la ntchito limeneli. Tikuyeza kulimba kwa geti. Mungotithandiza kaye kuitana anthu angapo atukule mbali imodzi."

"Musadandaule, thandizo lili m'njira. Masana paja ndinaimbira bwana wanu."

"Bwana wake uti?"

"Wa nambala ili pa chitsekoyo. Ndinati ndimuthokoze. Masiku ano n'zosowa kupeza munthu wotumiza lole ndi anyamata atatu kudzagwira ntchito yaulere. Koma anaoneka wodabwa, anangondifunsa njira yofikira kuno."

Injiniya anayang'ana kumbali.

"Nambalapuleti ndiye ndinamata bwino," anatero chapansipansi.

La fote linali litakwana. Kumsewu kunamveka njinga yamoto, ndipo Rivesi kulira kwake ankakudziwa ngati chifuwa cha mwana wake. Inaima pa geti. Pakati pa lata ndi zenera panali kampata kokwana diso limodzi, ndipo pamenepo anaona nsapato zikuluzikulu za alamu ake zikutsika. Kenako panatsika mapazi ena, ang'onoang'ono, ovala masandasi abuluu omwe lamba wake anasokedwa ndi ulusi wofiira. Rivesi anatseka maso.

Alamu anazungulira denga lonse akufuna lole yawo. Atawerama n'kuona utoto wobiriwira wokalikakalika ndi kabini yotsika, analira mawu oti ena sitingawalembe pano. Kenako anasuzumira pa kampata kaja.

"Mwaitsuka bwino, alamu."

"Alamu, ndikhoza kufotokoza."

"Ndipatseni makiyi. Zofotokoza mukafotokozera apolisi. Mbava inu, kuba nyumba yathunthu ya munthu wokalamba!"

"Kuba?" anatero mdala, akuseka mpaka kutsamira ndodo. "Bambo, chishedi ichi ndakhala ndikuchigawa kwa zaka. Ndinauza akalipentala, ndinauza ogulitsa nkhuni, ndinauza aliyense wodutsa kuti wofuna matabwa atenge ulere, bola andichotsere. Onse ankati ntchito yophwasula ndi yoopsa, ndiwalipire. Anawa akanangogogoda pakhomo n'kupempha, ndikanawapatsa ndi makwerero omwe."

Kenako Injiniya anafunsa ndi mawu a munthu wolakwiridwa, "Ndiye kuti sitinabe?"

"Mwaba nkhuku. Ndaiona ikulowa m'jekete, siinalowe yokha."

"Koma za ofesi zija munakhulupirira, madala."

"Mwana wanga, ndakalamba koma maso alipo. Munthu wa ofesi savala beseni."

Alamu ankafunabe apolisi, koma mdala anati apolisi akawatenga anthuwa, denga limuchotsera ndani pa geti? Anagwirizana kuti wa chipewa ndi wonenepayo azibwera m'mawa uliwonse mpaka pamalopo payere, msomali womaliza utoledwe, ndipo pamwamba pake amange khola la nkhuku. Matabwa a mu lole atenge alamu akonzetsere galimoto yawo. Za ntchito ya Rivesi panalibe chokambirana, makiyi anali atadutsa kale pa kampata kaja.

Zonsezi Rivesi sankazimva bwino. Khutu lake linali kwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali asanatulutse liwu ngakhale limodzi. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Masandasi abuluu aja anangoima pamodzimodzi, osasuntha, ndipo Rivesi ankaona kale m'maganizo chipinda chopanda makina, chopanda nsapato za mwana pakhomo, iye yekha ndi bedi la pa njerwa.

"Inu ndi mayi a kunyumba kwa dalaivalayu?" anafunsa mdala.

"Mpaka lero m'mawa ndinali," anayankha mkaziyo.

"Tabwerani muone kanthu."

Mapazi anachoka, ndodo ikugogoda pambali pake. Rivesi anakanikiza diso pa kampata mpaka nsidze kupweteka. Anawaona patali ataima pa mtengo paja, mdala akuloza matabwa, akuchita ngati wopukuta ndi malaya. Mkazi wake anagwira thabwa limodzi, analisisita, anaima nthawi yaitali. Kenako anagwira manja mwaulemu n'kulankhula mokweza dala, kuti a m'kabini amve.

"Agogo, ndingapemphe nawo matabwawa?"

"Tenga, mwana wanga. Tenga onse."

"Zikomo. Onse ayi."

Anawagawa pakati. Theka anasiya pamtengo, theka analikoka mpaka pa geti n'kuligwetsa pafupi ndi kampata kaja.

Rivesi anawawerenga pa kampatapo. "Mayi a mwana, amenewo achepa. Bedi la anthu awiri silikwana."

"Anthu awiri ake ati?"

"Ine ndi inu."

"Inu muli ndi simenti, ndi yaikulu. Mukatuluka m'menemo, awa muwasenze pamutu, wapansi, mpaka kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti? Kwa alamu?"

Mkaziyo anawerama, diso lake linakumana ndi la mwamuna wake pa kampatapo. Linali lofiira, koma louma.

"Kwathu. Makina anga ndi olemera, sindingawanyamule chifukwa cha munthu wovala beseni. Otsalawo mudzabwera kudzapempha nokha, pakhomo, ndi pakamwa panu. Mpaka tsiku limenelo bedi ndi langa ndekha. Ndipo ndikadzakuonaninso ndi ameneyo, makinawo adzapepuka."

Anadzuka n'kuuza achimwene ake kuti asafulumire kuitana otukula denga, anthuwa akufunika nthawi yoganiza. Mdala anati ketulo ikadali yofunda, ndipo onse atatu analowera kukhonde.

Rivesi anatsamira mpando. Ntchito inali itatha, mbiri inali itaipa, kutsogolo kunali ulendo wapansi ndi matabwa pamutu, kenako simenti yozizira kwa masiku osadziwika. Komabe anapezeka akuseka yekha, misozi ikutsika m'fumbi la kumaso, wosangalala kuposa tsiku la ukwati wake.

"Zabwino zimenezo," anatero Dzungu. "Akanapemphanso nkhukuyi."

Injiniya, chipewa chili pamaondo, ankayang'ana malata pamwamba pawo. Kenako maso ake anayamba kuwala mumdimamo.

"Amwene, ndaganiza. Mwaona zipilala za getizi? Simenti yakale ngati imeneyi, anthu a ndalama..."

Rivesi anaika manja onse awiri pa hutala, ndipo sanawachotse mpaka milomo ya Injiniya inasiya kugwedera.